Mpira M'chigafa

Lolemba, 10 Malichi

Dzuwa ngati si Malichi. Mvula yadula. Titaweruka, volebo ndi atsikana a Sitandade 6. Neti yathu ndi masikito akale omanga pa mitengo iwiri ya bulugamu. Mpira umodzi sukulu yonse. A hedi akuti mpikisano wa zoni uli kumapeto kwa mwezi, tikaonekere. Tikaonekera ndi chiyani?

Ana awa anakulira netibo. Mpira ukabwera, kuwakha, kuukumbatira pachifuwa, kenako kuyang'ana womuponyera. Ndakalipa mpaka mawu kusasa. Poseva ndiye manyazi. Olive amaponya mpira m'mwamba, kutsinzina, n'kumenya mphepo. Princess amamenya ngati wakwiyira munthu, mpira kukagwera m'chimanga cha a hedi. Kaya boma ndinalilakwira chiyani kuti lindichotse ku Zomba n'kudzanditaya kuno ku Chulu.

Lachitatu, 12 Malichi

Za kuseva kwa pamwamba ndasiya kaye. Tayambira pansi. Mwendo wamanzere kutsogolo, mpira padzanja lamanzere, lamanja chibakera, kumenya kuchokera m'munsi, maso ali pampira. Olive waukhudza. Sunafike n'komwe pa neti, koma waukhudza.

Koma Tiyese! Mwana wa matenanti a ku esiteti ya kutsidya kwa dambo, uja amabwera kusukulu lero, mawa ayi. Ndimawaonetsa kuseta: manja pamwamba pa chipumi, zala zotambasula, mpira kuukankha ndi nsonga za zala osaugwira, kuti mnzako adzaumenye pa neti. Enawo ukuwagwera pamphuno. Iye ulendo woyamba womwe, mpira m'mwamba bwinobwino, osazungulira, n'kutsikira pomwe ndinaloza. Zala zake zakuda ndi phula la fodya, zobayikabayika ndi singano yosokera masamba. Ndinamufunsa anaphunzira kuti. Anangoseka, ati, "Tsamba la fodya safinya, Madamu."

Ndakondwa. Koyamba chibwerereni kuno.

Lachiwiri, 18 Malichi

Chiyambireni volebo Tiyese sanajombe. Ndi masamu omwe akulemba. Ndamuuza kuti wojomba m'kalasi pabwalo sapondapo, ndipo zagwira.

Vuto lake limodzi. Amaseta kutali kwambiri m'mwamba, womenya kudumpha, kutera, mpira usanatsike. Ndamubwereka mpira apite nawo kwawo, a hedi asamve. Ndamuuza akaphunzirire pansi pa denga, mpira uzikwera koma osagunda. Ife ku koleji tinkatero m'holo. Anaukulunga m'chitenje n'kuubereka kumsana.

Sopo watha. Mutu ukuwawa.

Lachinayi, 20 Malichi

Tiyese kulibe dzulo, kulibe lero. Mpira kulibe. Taseva ndi wachikulunga wa anyamata. Ndakalipira Princess popanda chifukwa.

Lachisanu, 21 Malichi

Olive wandiuza zonse.

Kwawo kwa Tiyese denga lalitali ndi la chigafa chokha, momwe amayanika fodya. Analowamo masana, makolo ali kumunda. Ine sindinkadziwa kuti fodya wouma sakhudzidwa masana, amadikira m'mawa ayambe wafewa ndi mame. Ndiye ndi ng'ambayi, wouma gwa. Mpira unagunda mkangala wapamwamba, mtengo womwe amapachikapo masamba. Mkangalawo unagwa n'kugwetsa inzake. Fodya woyamba kuuma, wokongola, kuthetheka yense.

Tiyese ankadziwa za fodya. Koma Madamu anati denga.



Loweruka, 22 Malichi

Ndinapita ku esiteti. Njira ya m'dambo, nsapato kuthaitha. Bambo ake a Tiyese, a Redson, munthu wowonda, waulemu wopweteka. Ndinakonzeka kutukwanidwa. Iwo kundipatsa mpando, okha n'kukhala pansi. Anabweretsa thumba n'kulitsegula. Zinyenyeswa zokhazokha.

Ati, "Fodyayu si wanga, Madamu. Ine ndimangolima. Mwini wake wabwera, waona."

Mwini wakeyo wanena kuti akazi ake ku boma akusowa wolera mwana. Tiyese akapita, nkhani ya fodya yathera pomwepo. Ndinalankhula za malamulo, za sukulu, za apolisi, mpaka kuimirira. Iwo kumvetsera, maso pansi. Nditatha anangoti, "Mukakanena, atithamangitsa fodya asanapite ku okushoni. Chaka chonse talimira chiyani? Ana enawa adya chiyani?"

Ndinakhalanso pampando. Ine wa pakamwa ine.

Tiyese anali pamthunzi, akusoka masamba aawisi ndi mayi ake. Sanadzutse mutu. Potsanzika, mayiwo anandipatsa jumbo. Mpira, wotsukidwa bwino ndi sopo. Ndinalira m'dambo, pomwe panalibe wondiona.

Lolemba, 24 Malichi

A hedi: "Nkhani za matenanti n'zovuta, Madamu. Amabwera, amapita." Kenako nkhani yaitali ya katundu wa sukulu wotuluka popanda chilolezo. Mpira uli bwinobwino patebulo pawo, iwo akulira mpira. Za mwana mawu awiri okha.

Ndaganiza zokaonana ndi mwini esitetiyo ndekha. Ndilipire fodyayo pang'onopang'ono. Malipiro akangotuluka. Akuti amabwera Lachisanu.

Lachitatu, 26 Malichi

Mwini esiteti sanadikire Lachisanu. Princess anamuona Tiyese dzulo m'mawa kumbuyo kwa galimoto ya bwanayo, atakhala pa matumba, kathumba ka zovala pamiyendo. Atavala yunifolomu. Ati ndiyo diresi yake yabwino.

Ndinamukokera kusukulu ndi mpira. Mpira womwewo wamuchotsa. Ndikanamusiya, bwenzi akujomba, koma ali kwawo.

Lachinayi, 27 Malichi

Pulakatisi yomaliza. Sindinafune, koma ana anamanga okha neti.

Olive kukaseva. Mwendo kutsogolo, maso otsegula, chibakera. Mpira kudutsa neti. Kudutsa! Tsidya linalo Princess kuulandira ndi mikono, osawakha, osakwiya, n'kuukweza bwinobwino kupita kutsogolo, pamalo a woseta. Zonse zimene ndakhala ndikusasira mawu. Timu yonse pakamwa pamodzi: "Tiyese!"

Mpira unagwa pafumbi.

Palibe anautola. Onse maso kwa ine, kudikira nditchule wina akaime pamenepo. Sindinatchule.

Mawa zoni. Ana apite ndi a hedi, aonekere. Ine ndikwera matola a ku boma. Nyumba ya bwanayo sindiidziwa. Ndikafunsa kumsika, kutchalitchi, kulikonse. A Redson anandipempha ndisanene. Sindikanena. Ndikungofuna ndimuone Tiyese. Ndipo akanditsegulira geti iyeyo, mwana wa eni ali kumsana, kaya ndikati chiyani.