Makina Ako Ali Pakatoni

Mlongo wanga wokondedwa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo. Uli bwanji kumeneko, iwe ndi mlamu wanga ndi ana? Chifuwa cha wamng'ono uja chinasiya? Ife kuno Mulungu akutisunga. Alamu ako ali bwino, msana wokha ndiwo ukuwavuta chifukwa chokhalitsa pachiwongolero. Amayi akudya bwino ndithu, koma za iwo ndinena m'munsimu.

Usadabwe kuti ndakulembera kalata pomwe foni ilipo. Pafoni sundipatsa mpata, a Injiniya. Ndikangotsegula pakamwa wayamba kale zoti dinani apa, zulani apo, ndijambulireni pamenepo. Kalata sungaidule mawu. Ndiye khala pansi uwerenge mpaka kumapeto, chifukwa ndatopa nawe, ndatopa ndi makina ako, ndatopanso ndi bodza langa.

Nkhani ndi ya seva yako ija, bokosi lakuda limene unamanga wekha usanachoke n'kuthiramo mavidiyo onse a malemu bambo. Unati lizigwira ntchito lokha, ife tizingoyatsa TV. Zoona, zaka zisanu lagwira osadandaula. Koma masiku khumi amene linakana kuyaka ndaona zakuda, ndipo iwe ukudziwa theka lokha la nkhaniyi.

Sindikudziwa ngati umamvetsa chimene bokosilo lili kwa Amayi. Mutu wawo ukupita, mlongo wanga. Si kuiwala makiyi kuja unawasiya nako ayi. M'mawa uliwonse akamwa tiyi amakhala pampando wawo, ine n'kuwaikira vidiyo ija bambo akupenta chitseko uku akuimba mawu osokonekera. Amawapatsa moni, amawakalipira kuti akudonthetsa penti pakhonde, kenako mtima umakhala m'malo tsiku lonse. Popanda vidiyoyo amatenga chikwama n'kukaima pageti, kudikira mwamuna amene tinamuika m'manda zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo.

Ndinakupempha kangati kuti undiikireko vidiyo imeneyi pafoni? Unkati m'seva ndi motetezeka. Ona tsono kutetezeka kwake! Ngakhale iwe mwiniwake ulibe ina kumeneko.

Linali Lolemba. Ndayatsa TV, ikungozungulira kufunafuna. Ndapita kubokosi, ndadina batani, fani inangogwedezeka pang'ono n'kuima zii. Ndadinanso, chimodzimodzi. Amayi ali pampando atapinda manja, akufunsa kuti bambo ako achedwa kuti lero.

Nditakuimbira, funso lako loyamba linali loti kodi magetsi alipo. Ine ndimasoka pamakina amagetsi tsiku lililonse, iwe n'kundifunsa zimenezo! Unandisinthitsa soketi, unandisinthitsa chingwe, mpaka ndinazula cha ketulo. Palibe chinasintha, tiyi yekha ndiye anachedwa.

Lachiwiri unati nditsegule chivundikiro. Ine telala, manja anga anazolowera sizasi ndi tepi, ndinapezeka ndagwada ndi sikuludiraiva yobwereka. Unati ndizule chingwe chonenepa chimene chimachoka ku kabokosi kamagetsi kupita ku bodi yaikulu, imene iwe umaitcha madabodi, kenako ndilumikize waya wobiriwira ndi wakuda ndi kachitsulo. Ndinapemphera kaye. Kabokosiko kanalira bwinobwino, fani yake ikuzungulira. Iwe unasangalala, unati ndiye kuti vuto si magetsi. Ine sindinaone chosangalatsa, pakuti Amayi anali pageti.

Lachitatu linali la ramu, timitengo tiwiri tosalala tija. Zula kena, siya kena. Sinthanitsa malo. Pukuta mano ake ndi chofufutira cha pensulo. Kankha mpaka kalire kuti tswa. Ndinakankha mpaka chikhadabo chinathyoka, chokhacho ndicho chinalira. Kenako unati ndichotse kabatire kozungulira konga batani la jekete, ndidikire mphindi khumi. Ndinadikira makumi awiri, ndinagulanso katsopano. Fani yomweyo, kugwedezeka komweko, zii yemweyo.

Apa mpamene alamu ako analowererapo. Ukuwadziwa. Kwa iwo chilichonse chokana kulira chimafuna kuchimenya kapena kuchikankha. Anaima, anayang'ana, anati mawaya amangofuna kudzutsidwa, n'kulimenya bokosilo khofi lam'mbali. Ndinakuwa mpaka aneba anasuzumira pawindo. Ndinawauza kuti si lole yawo iyi. Anachoka atakwiya, nsapato zikulira, ndipo masiku awiri sanandilankhule bwino. Izi sindinakuuze, ndinkaopa kuti ukomoka.

Lachisanu Amayi anasowa. Ndinali nditaweramira m'bokosimo, ndikuzula zingwe za madisiki osungira mavidiyo monga unandiuzira, foni ili paphewa, iwe ukundifunsa kuti kalaiti kakuphethira kangati. Nditadzuka ndinapeza geti lili pululu. Ndinathamanga popanda nsapato, tepi ili m'khosi. Mayi wapagolosale ndiye anawapeza pasiteji ya basi, atanyamula chikwama, akufunsa kondakitala aliyense ngati waona mwamuna wa penti m'manja. Anabwera nawo atawagwira dzanja. Ndinalira, mlongo wanga, ndinalira pamaso pa anthu ngati mwana.

Madzulo ake unanditumizira uthenga wofunsa ngati ndayesa kuyatsa madisiki atachotsedwa. Ndinawerenga, ndinaika foni m'dirowa. Ndikanayankha nthawi imeneyo tikanadana.

Kuyambira tsiku limenelo geti ndimakhoma, kiyi ndimamangirira m'chiuno. Amayi amaligwedeza n'kumanena kuti ndawatsekera m'ndende. Madiresi a makasitomala anaunjikana, wina anabwera kudzatenga nsalu yake yosasoka, akutukwana. Iwe sabata ina unati uli ndi misonkhano, uziyankha ukapeza mpata. Misonkhano! Ine kuno msonkhano wanga unali ndi bokosi losalankhula ndi mayi wosagona masana.

Tsiku lakhumi ndi limene unati palibenso china, bodi ituluke m'bokosi iyesedwe payokha. Unati mwina penapake ikukhudzana ndi chitsulo. Apa ndinati basi, ndichita mwa ine ndekha. Ndinazimitsa foni. Ndinachita monga ndimachitira ndikamasula jekete la munthu: chidutswa chilichonse chikachoka ndimachilemba ndi choko, n'kuchiika pamalo pake. Chingwe chilichonse ndinachimangirira kansanza ka mtundu wake, n'kujambula papepala pamene chachoka. Ukanaona bwenzi utaseka, koma palibe chimene chinasokonekera.

Ndinanyamula bodiyo ndi manja awiri, ndinaigoneka pakatoni, patebulo langa lodulira nsalu. Ndinalumikiza magetsi ndi sikirini yakale ija. Ndinakhudza timano tiwiri toyatsira bodi tija ndi nsonga ya sikuludiraiva monga unandiuzira. Fani inazungulira! Inazungulira osaima, kenako kabelu kanati pii, zilembo zinatuluka. Ndinangokhala pansi pomwepo.

Tsopano mvera bwino, chifukwa apa ndi pamene ndinakunamiza. Pafoni ndinakuuza kuti sindinapeze chifukwa chake, yangoyaka. Bodza. Chifukwa chake ndinachipeza, ndipo chili pano patsogolo panga pamene ndikulemba.

Ndi phini. Phini yanga yosokera, ya mutu wachikasu. Inali itagona pachitsulo cha bokosi, pamalo enieni pamene msana wa bodi umagona. Nditapendeketsa bokosilo munagwa ena atatu, ndi ulusi wokwana kusokera batani.

Ukudzifunsa kuti phini ingakwere bwanji pashelefu ya m'chipinda chako. Siingakwere. Bokosilo silinali pashelefu. Tsiku loyamba lija unandifunsa kawiri ngati ndalisuntha, ine n'kulumbira kuti lili pomwe unalisiya. Ukafuna kuona pavidiyo ndinkayala nsalu kumbuyo kuti usazindikire khoma. Miyezi inayi yonseyi lakhala kunsi kwa tebulo langa lodulira, ndipo pamwamba pake, pa timabowo totulukira mpweya tija, ndi pamene ndinkaika kachitini ka maphini. Panali pafupi ndi dzanja, ndiponso pofunda. Seka ngati ukufuna, kalipa ngati ukufuna. Ndalakwa, ndavomera.

Koma umve chifukwa chimene linachokera. Chipinda chako si chakonso, mlongo wanga. Miyezi inayi yapitayo Amayi anagwa pakhonde lam'kati akupita kuchimbudzi, anatupa ntchafu yonse. Chipinda chako ndicho chili pafupi ndi bafa, ndiye ndinawasamutsira mmenemo. Mabuku ako ali m'matumba m'chipinda chosungira katundu, mawaya ako ali m'beseni lakale. Bokosilo ndinayesa kulisiya, koma Amayi ankaopa. Ankati muli munthu akupuma kuseri kwa kabati, ali ndi diso limodzi. Ndikanatani? Ndinalinyamula.

Sindinakuuze chifukwa nthawi zonse ukaimba umati chipinda changa musachikhudze, ndikubwera chaka chino. Chaka chino chimenechi chakwana kasanu. Ndinkaopa kuti ukamva kuti bedi lako lapita udzapezerapo chifukwa chosabwerera n'komwe. Ndiye ndinabisa za kugwa, ndinabisa za chipinda, ndinabisa za geti, mpaka kaphini kandiulula. Zandikwana. Ine ndekha ndimasambitsa, ndimaphika, ndimasoka, ndimathamangira kusiteji, kenako ndizikutumizira zithunzi za mawaya kuti undiuze kuti ndajambula mopendekeka.

Ndibwerere ku tsiku lakhumi lija. Ndinalumikizanso madisiki mmodzimmodzi, mtima uli m'mwamba chifukwa cha khofi la alamu ako. Zonse zinalipo, palibe chinafufutika. Ndinayatsa TV, ndinakatenga Amayi pageti, ndinawakhazika pampando. Bambo atatulukira ndi bulashi yawo, Amayi anawomba m'manja. Anawafunsa kuti anali kuti masiku onsewa, anawauza kuti awonda, anawakalipira za penti. Ine ndinali pakhomo ndikupukuta maso ndi tepi ili m'khosi, ngati wamisala.

Masiku onse amawodzera vidiyo isanafike pakati. Tsiku limenelo anaonera yonse, osaphethira. Kaya ukukumbuka, chakumapeto umatulukira iwe, utavala malaya amizeremizere amene ndinakusokera, utanyamula chitini cha penti, ukuseka bambo kuti apenta ndi loko yemwe.

Amayi anaweramira kutsogolo. Anandifunsa ngati ameneyo ndi mwana wawo wamwamuna. Ndinavomera mokondwa, ndimati akukumbuka. Kenako anandifunsa kuti unamwalira chaka chiti. Anafunsanso ngati tinakugoneka pafupi ndi bambo, ndiponso chifukwa chimene sitinawauzire kuti akakulire.

Ndinagwada patsogolo pawo, ndinawauza kuti uli moyo, uli ndi mkazi ndi ana, ndiwe umaimba Lamlungu lililonse, ndiwenso wandithandiza kukonza makinawa. Ndinawakumbutsa kuti Lamlungu lapitalo analankhula nawe pafoni. Anandiyang'ana mondimvera chisoni, ngati ine ndiye wosokonekera. Anati bambo nawonso amalankhula tsiku lililonse, koma pakhomo pano salowa.

Ndinadzuka n'kukazimitsa TV.

Kuyambira tsiku limenelo amaonera mpaka kumapeto. Amayamba ndi kuseka, amamaliza ndi misozi. Dzulo anandipempha kuti ndiwasokere diresi lakuda. Ndinayesa kuidula vidiyo iwe usanatulukire, anandigwira dzanja kuti ndiwasiye amuone mwana wawo.

Ndiye ndi izi, a Injiniya. Wandiuza katatu kuti ndibwezere bodi m'bokosi, fumbi lingaiwononge. Sindibwezera. Ili pakatoni, patebulo langa, mawaya ali mbwee, ndaitchinga ndi chotchingira ntchentche. Nsalu ndikudulira pansi, mawondo akundipweteka, makasitomala akufunsa ngati ndayamba kukonza mawailesi. Zilibe kanthu. Amene anaimanga ndi amene adzaibwezere. Ine mbali yanga ndachita.

Usanditumizire malangizo ena, usanditumizire bokosi latsopano, usatumenso mnzako wa makompyuta kuti adzaone. Bwera wekha. Pempha tchuthi, misonkhanoyo adzachita ena. Ngakhale sabata imodzi yokha. Bedi ulibe, udzagona pasofa, ndipo udzandikalipira za maphini mmene ungafunire, ndidzangokhala chete. Koma ulowe pageti ndi miyendo yako, Amayi akugwire nkhope ndi manja awo. Adokotala anena kuti matendawa sabwerera m'mbuyo. Lero akukulira, ndiye kuti akukudziwabe. Sindikudziwa ngati miyezi itatu ikubwerayi adzakhala akukudziwa.

Ndakukwiyira kwambiri, ndipo ndakusowa kwambiri. Zonse ziwiri n'zoona.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga, umuuze kuti kalatayi awerenge nayenso, sindikubisanso kanthu. Ana uwapsompsone, ndipo ngati n'kotheka ubwere ndi wamkuluyo, agogo ake amuone. Alamu ako akupereka moni, akuti khofi lija ndilo linasuntha phini, ndiye uwathokoze.

Mulungu akusunge, akupatse njira yabwino, akufikitse kuno Amayi akadali ndi dzina lako pakamwa. Ukayankha usandifunse za fani. Undiuze tsiku.

Ndine mlongo wako wamkulu,
telala wako uja