Khofi wa Munthu Mmodzi ndi Diso la Bambo

Achemwali okondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo uja unkakuvutani unaleka kutupa? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi.

Ndisanafike pa chimene ndalembera, pali zinthu zitatu zoti tithane nazo. Choyamba, bambo anaiwala kabotolo kamodzi ka mankhwala odontheza m'maso, ka chivindikiro chofiira kaja. Ndakapatsira dalaivala amene akubweretsereni kalatayi. Muzisamba m'manja musanawadontheze, ndipo kamlomo ka botolo kasamakhudze diso. Chachiwiri, asamawerame kunyamula zolemera kapena kusesa pabwalo, ngakhale akakamire bwanji. Chachitatu ndicho chikundisowetsa mtendere. Achipatala akufuna kudziwa ngati bambo abweradi kumayambiriro kwa mwezi wamawa kudzachotsa ng'ala ya diso lachiwiri. Tikachedwa kuyankha, malo awo apatsa wina, ndipo adokotala anati ng'ala ya kumanzereyo yakhwima kale, si yoti tiziidikiritsa.

Pafoni munandiuza kuti bambo akuti diso limodzi likuwakwanira, sabweranso. Munati mwina akuopa mpeni wa adokotala. Achemwali, si mpeni ayi. Ndine. Pafoni ndinalephera kukuuzani, ndiye ndati ndilembe.

Chaka chatha ndinagula kachiwiya kofinyira khofi. Simunakaonepo, ndiye ndikufotokozereni. Ndi kachitsulo kooneka ngati kapu yaitali, kali ndi chogwirira, ndipo pachivindikiro pake pali kandodo kokhala ndi sefa kunsi. Umaikamo khofi wopera, n'kuthiramo madzi owira kale, n'kudikira pang'ono, kenako umakankha kandodoko pang'onopang'ono kuti sefa itsitse nsenga pansi. Kamatulutsa kapu imodzi basi, ndipo sikapita pamoto. Wogulitsa anati ngakhale katagwa kuchokera padenga sikangasweke. Ine, monga mukundidziwira, ndinamuuza kuti akagwetse kaye pansi ndikuona ndisanakatenge.

Nthawi yonse imene bambo anali kuno, diso lochitidwa opaleshoni linali lisanayere bwino, lina lija likuona ngati m'chifunga. M'mawa uliwonse ndinkawadontheza mankhwala, n'kuwapangira tiyi wopanda mphamvu, kenako n'kudzipangira khofi wanga. Sindinawapatseko ngakhale tsiku limodzi. Ndinali nditawerenga penapake kuti khofi amathamangitsa magazi, ndiye ndinkaopa kuti diso lingavutike. Sindinawafotokozere zimenezi, ndipo adokotala sindinawafunse. Ndinkangomwa chiimirire kukhitchini, iwo ali phee pampando wa pabalaza, fungo likuwapeza pomwepo.

M'mawa wa tsiku loti mawa lake anyamuka, ndili m'bafa, ndinamva fungo la chinthu chopserera. Ndinatuluka sopo ali m'khutu. Ndinapeza bambo ataima pa sitovu, kachiwiya kanga kali pamoto, khofi akusefukira pansi, iwo akupapasa kufunafuna pozimitsira gasi.

Ndinazimitsa. Pamenepo ndikanangotseka pakamwa, nkhani ikanathera pomwepo. Koma ndinawafunsa ngati akufuna kutentha nyumba ya eni ake. Ndinati munthu wosaona azikhala pansi, asamagwiregwire zinthu zimene sakuzidziwa. Ndalemba monga ndinanenera, sindinachepetse. Ndinanena mokweza, chitseko chili chotsegula, ndipo mayi osoka zovala a khomo loyandikana nane anali ataima pomwepo chifukwa nawonso anamva fungo.

Bambo sanandikalipire. Bwenzi zili bwino akanandikalipira ngati muja ankachitira tili ana. Anangoti pepani, sadzabwerezanso, n'kuyenda motsamira khoma kubwerera pampando wawo. Anapepesa ngati waganyu amene waswa mbale ya abwana. Ine ndinatsala ndikutembenuza kachiwiya uku ndi uku, kuona ngati kawonongeka. Dzanja lawo sindinaliyang'ane. Ndinadzaliona mawa lake kudepoti pamene ankagwira chitseko cha basi: matuza kuyambira pachala chachikulu mpaka pachikhatho. Nditafunsa anati si kanthu, n'kukwera.

Kachiwiyako ndinakakwecha kunsi, kakuwala ngati katsopano. Wogulitsa uja sananame. Kalibe ngakhale pophwanyika.

Mayi osoka aja ndiwo anadzandiuza zonse. Masana ndikakhala kuntchito bambo ankatulutsa mpando n'kumacheza nawo pakhomo. Akuti bambo anawauza kuti mwana wawo akutopa, akudzuka m'mawa kusamala nkhalamba kenako n'kuthamangira basi, ndiye asanachoke akufuna amupangire khofi wake tsiku limodzi, atuluke m'bafa n'kupeza zapsa kale. Ankamvetsera m'mawa uliwonse. Ankamva supuni ikugunda chitsulo, madzi akuwira, kandodo kakutsika. Chimene makutu sakanawauza n'chakuti madziwo ndimawiritsira padera m'ketulo. Mayiwo atawafunsa ngati khofiyo ndi wokoma, bambo anaseka nati fungo lokha amalidziwa, koma kachiwiyako kamaphikira munthu mmodzi, ndiye sanafune kundivutitsa.

Chiyambire tsiku limenelo mayiwo amanditchula kuti a Kapu Imodzi. Tikakumana pamakwerero amandifunsa kuti lero ndamwa ndi ndani. Amanena akuseka, inenso ndimasekako, koma ndimasowa poika maso. Masiku ano ndimayamba ndamvetsera ngati makina awo akulira ndisanatsegule chitseko.

Nditapita kuchipatala kukafunsa za tsiku la opaleshoni, ndinafunsanso za khofi. Adokotala anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nati kapu imodzi m'mawa siingawachite kanthu, bola asamathire m'diso. Anamwino anaseka mpaka kugwira tebulo.

Kuntchito zinthu zikuyenda. Ndikadali ku labu ya fakitale ya zakumwa, kuyeza madzi tsiku lonse, ndipo abwana atsopano amandiyamikira kuti palibe chimandidutsa. Akamatero ndimakumbukira dzanja lija. Sabata yatha ndinabwereka choyezera kutentha, ndinabwera nacho kunyumba. Ndinapanga kapu imodzi, n'kuivindikira ndi kambale, ndinatsuka kachiwiya n'kupanganso ina. Nditayeza yoyamba ija ndinapeza ikadali yotentha moti sungamwe osauzira. Ndinabwereza kangapo kuti nditsimikize, ndipo zinali chimodzimodzi. Choncho ngakhale chifukwa chimene bambo anandipezera, choti kachiwiya n'kochepa, si choona. Kakanatha kutiphikira tonse awiri m'mawa uliwonse.

Bambo ndayesa kuwaimbira. Amati ali bwino, amandithokoza chifukwa cha chisamaliro, kenako amapereka foni kwa mwana wanu wamkulu kuti andipatse moni. Kuthokoza kumeneko ndiye kumandilasa. Paja amati madzi akatayika saoleka. Khofi uja ndinakolopa tsiku lomwelo, koma zinazi sindikudziwa poyambira.

Pempho langa ndi limodzi. Inu amakumverani kuyambira kale. Muwawerengere kalatayi yonse, osadumpha pamene pali mawu anga oipa aja, kuti adziwe kuti sindinawaiwale ndiponso sindikuwabisa kwa inu. Kenako muwafunse ngati abwera. Akati safuna kugona m'nyumba mwanga, musawakakamize. Mubwere nawo inuyo, ndikusiyirani makiyi, ine ndikagona kwa mnzanga wa kuntchito mpaka diso litapola. Kukwiya andikwiyire mmene angafunire, ali ndi chifukwa. Koma diso lawo lisafe chifukwa cha pakamwa panga.

Muyang'anenso dzanjalo. Ngati matuza anaphulika, asamange ndi nsalu yakuda, ndipo likayamba kufiira m'mbali mupite nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Ndikudziwa mukuti ndayambanso, koma muyang'ane ndithu.

Akavomera kufikira kwanga, muwauze kuti ketulo ndiwiritsa ine, kandodo akankha okha akuona ndi diso lawo latsopanolo, ndipo kapu yoyamba ndi yawo.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali, ndi kwa ana onse. Wamng'onoyo mumuuze kuti sindinaiwale mpira umene ndinamulonjeza. Kwa bambo sindikudziwa ngati moni wanga ulandiridwa, komabe muupereke.

Chonde achemwali, yankho lisachedwe. Musadikire dalaivala, mungoimba kapena kutumiza uthenga mukangolankhula nawo, ngakhale yankholo litakhala loti ayi. Achipatala akudikira ine, ine ndikudikira inu.

Ndine mlongo wanu,
uja mumamutcha a Nanga-Zikavuta