Madzi Amene Alamu Anu Anasiya

Area 12,
Lilongwe.
19 Okutobala 2024

Okondedwa Achemwali a Rose,

Ndikhulupirira kuti mukudzuka bwino ku Cape Town kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno kwatentha moti fumbi likulowa mpaka m'makapu a m'kabati. Kalatayi ndipatsira a Nebert, oyendetsa thiraki aja a ku tchalitchi kwathu, amene akunyamuka Lolemba. Musadabwe kuti ndikulemba papepala chonsecho timalankhulana Lamlungu lililonse. Pa foni ndimanama, achemwali. Mukangofunsa kuti ndili bwanji, pakamwa panga pamayankha pokha ine ndisanaganize n'komwe.

Mwandiitana katatu kuti ndidzapume kwanu miyezi iwiri. Koyamba ndinanamizira pasipoti, kachiwiri mapepala a alamu anu ku Capital Hill, kachitatu sindikukumbuka kuti ndinapeka chiyani. Pasipoti ili m'kabati ndipo ilibe vuto. Chimene chandimanga miyendo pano ndi makina opangira ayisi amene ali kukhitchini kwanga. Sekani, ndakulolani. Mukatha kuseka muwerenge mpaka kumapeto.

Mukukumbuka kuti pofika Febuluwale khansa ya kummero inali itawapanikiza alamu anu a Felton moti ngakhale phala linali nkhondo. Madzi ankawatsamwa. Namwino wina wachifundo, mayi Zubeida, anandiuza kuti ndiziwapatsa ayisi azimungunya pang'onopang'ono. Koma ayisi wa m'firiji ndi mwala weniweni. Ndinkamukulunga m'kansalu n'kumamuphwanya ndi chipande, komabe zidutswa zake zinkawacheka nkhama. Mayi Zubeida omwewo ndiwo anandilozera sitolo ya a Shabir ku Area 1, pakati pa ogulitsa nsalu ndi okonza mafoni, pamalo poti munthu umayenda cham'mbali chikwama utachikumbatira pachifuwa.

Makinawo kukula kwake ngati ndowa yaing'ono, amakhala pamwamba pa kabati ya kukhitchini. Amatulutsa timibulu tofewa ngati matalala, toti ngakhale nkhalamba yopanda mano ikhoza kutafuna. A Shabir sanandilole kunyamula asanandiphunzitse.

"Mayi, muzithira madzi owiritsa, osati a pampopi," anatero. "Pakatha masabata awiri, tsegulani timapaipi iti takumbuyoti, madzi onse atuluke, kenako muwayendetse ndi viniga. Mukapanda kutero m'kati mumagwira zoyera zija za m'ketulo, mota n'kuyamba kulira. Ndipo mudziwe, iyi si firiji. Ayisi amene simunadye amasungunuka, madzi ake n'kudonthera m'kathanki pansi, makina n'kuwaumitsanso. Madzi omwewo amangozungulira."

Mawu otsirizawo anandisangalatsa kwambiri. Inu mukundidziwa. Tinakulira limodzi ku Mitundu, chitsime chili kutsidya kwa dambo, ndipo mukukumbuka mmene amayi ankatikokera makutu tikataya madzi otsala m'chikho. Zaka makumi awiri ndakhala m'nyumba ya mipopi isanu ndi umodzi, koma mpaka lero madzi otsukira mpunga ndimathirira maluwa. Ndiye kumva kuti kuli makina osataya dontho, ndinangoti awa ndi abale anga.

A Felton atawaona anaseka mpaka kutsokomola. "Mkazi wanga wagula fakitale," anatero ndi timawu tawo totsala tija. "Mawa tilembe ntchito alonda awiri." Koma atalawa timibulu toyamba anatsinzina, n'kunena chakwawo kuti, "Yewo, mama." Tsiku limenelo ndinakalirira kubafa chifukwa cha chimwemwe.

Ntchito anali atasiya, koma nthawi yoweruka sanaisiye. Ikangokwana faifi koloko madzulo ankavala malaya a kolala, n'kukakhala pampando wawo pakhonde, n'kunena kuti, "Ndaweruka." Ine ndinkabwera ndi kapu yawo yachitsulo itadzaza, iwo n'kumakukuta pang'onopang'ono akuyang'ana kugeti. Phokoso limenelo ndinkalimva ndili kukhitchini, ndipo likamamveka ndinkadziwa kuti tsikulo talidutsa. Makinawo ndinkawasamala kuposa mmene ndimadzisamalira. Loweruka lililonse lachiwiri viniga, kansalu, kabulashi, zonse monga anandiuzira a Shabir.

Panali chimodzi chokha chimene sindinkawauza a Shabir. Zotsala m'kapu ya alamu anu ndinkazibwezera m'makina. Ndikudziwa kuti si ukhondo, ndipo ndine amene ndinkaphunzitsa ana a eni zaukhondo kusukulu. Koma dzanja linkachita lokha.

Lachiwiri lomaliza lija, pa 11 Juni, anadya timibulu tiwiri tokha. Kachitatu anakaika m'kamwa, n'kukabwezera m'kapu. "Mundisungire, ndimalizitsa mawa," anatero. Ndinatenga kapuyo n'kukhuthulira zonse m'makina. M'mawa mwake tinathamangira nawo kuchipatala, ndipo dzuwa lisanafike pamutu anali atatisiya.

Za maliro ku Rumphi munaziona nokha. Zimene simunaone ndi zimene zinachitika mutabwerera. Alamu anga a Chitemwa, mlongo wawo wa malemu, anabwera kuno ndi akuluakulu awiri kudzachita mwambo wa zovala. Sindikuwadandaula, anachita mwaulemu ndipo anandifunsa pa chilichonse. Zonse zinachapidwa, kusitidwa, n'kugawidwa kwa abale: masuti, nsapato, zipewa, mpaka magalasi a m'maso. Zofunda anachapa kawiri. Atachoka ndinayenda chipinda ndi chipinda ndikununkhiza ngati galu, ndipo paliponse pankangomveka sopo. Manda ali kutali, ulendo wa tsiku lathunthu. Mwamuna amene ndinakhala naye zaka makumi awiri ndi zitatu anali atachapidwa m'nyumba yonse.

Ndili chiimire pabalaza ndinamva kuti gobede, gobede, kukhitchini. Anali makina aja akugwetsa ayisi. Pothamangira kuchipatala sindinawazimitse, ndipo masiku onse a maliro anakhala akugwira ntchito okha m'nyumba yotseka, magetsi akathima n'kumakoka ku mabatire athu osungira magetsi. Ndinatsegula chivindikiro n'kuyang'ana timibulu toyera tija. Pamenepo ndinakumbukira kambulu kachitatu kaja. Kanali momwemo, achemwali, kakuzungulira.

Kuyambira tsiku limenelo sindinawatsukenso. Sindinathiremo madzi atsopano poopa kusungunula akalewo, ndipo sindinadyepo ngakhale kamodzi. Miyezi inayi tsopano. Magetsi akathima nthawi yaitali ndimazimitsa firiji kuti mabatire asungire makinawo, moti nyama ndataya kawiri, ine wosataya madzi a mpunga. Ku Mvano ndinasiya kupita. Amayi a ku tchalitchi akuganiza kuti ndi chisoni, ndipo ndimawasiya aganize choncho, chifukwa ndingawauze bwanji kuti ndikulondera ndowa yamagetsi?

Tsopano ndifike pa chimene chandigwiritsa cholembera. Chinayamba mu Julayi. Makinawa alibe wotchi, amagwetsa ayisi nthawi iliyonse imene afuna. Koma ikakwana faifi koloko amasiya kugwetsa, ndipo pakhonde pamayamba kumveka kukukuta. Si usiku ayi, kuti munganene kuti ndi maloto. Dzuwa limakhala likadalipo, magalimoto a oweruka akudutsa kuseri kwa mpanda, woyandikana nane akuthirira kapinga. Tsiku loyamba ndinatuluka ndikuganiza kuti ndi galu wapeza fupa. Mpando unali wopanda munthu, ndipo phokoso linasiya nditangoponda pakhomo. Nditabwerera kukhitchini linayambiranso, pang'onopang'ono, ndi kakupuma kaja pakati, ka munthu amene kumeza kumamupweteka.

Ndinachita mantha sabata yoyamba yokha. Kenako, ndikuulula, ndinayamba kuiyembekezera nthawiyo. Ndinkasamba n'kuvala bwino isanakwane.

Koma madzi anayamba kuchepa. Ndinaika chizindikiro ndi cholembera pakathanki, ndipo sabata iliyonse ankatsika. Mu Seputembala makina anayamba kulira, kulira kosongoka ngati mpweya ukudutsa pammero pothina. Inu simunawamve alamu anu masiku omaliza, ine ndinawamva. Sindikanatha kuwanyamula makinawo kupita nawo ku Area 1 poopa kutaya madzi m'njira, choncho Lachinayi lapitali ndinajambula kulirako pa foni, cha m'ma faifi momwemo, ndipo m'mawa mwake ndinapita nako kwa a Shabir.

Anaika foni kukhutu, nkhope n'kuikwinya. "Munawatsuka liti?"

"Mu Juni."

"Juni! Mayi, mwawapha makinawa. M'kati mwagwira miyala, mota ikukanika kuzungulira. Ikapirira kwambiri ndi sabata imodzi. Nanga madzi mumasintha?"

Ndinapukusa mutu.

"Madzi a miyezi inayi? Amenewo ndi poizoni, muli ndere ndi tizilombo. Mukakafika kawatayeni, ngakhale nkhuku isamwe."

Ndinawafunsa ngati madzi angachepe okha popanda wodya ayisi. Anati inde, pang'onopang'ono amauluka ndi kutentha, makamaka mwezi uno. Mtima wanga unakhala pansi, ndipo nthawi yomweyo unawawa, sindikudziwa kuti chachikulu chinali chiti. Ndikutembenuka kuti ndizipita, anandibwezera foni akumwetulira.

"Koma ulendo wina mukamajambula musamatafune pafupi ndi foni. Mota ndimaimva movutikira chifukwa cha kukukuta kwanuko."

Achemwali, pojambula paja m'kamwa mwanga munalibe kanthu. Ndinayenda kuchoka pasitolopo mpaka pamene ndinaimika galimoto osamva phokoso la Area 1, anthu akundigunda mapewa, wina mpaka kunditukwana. Miyezi yonseyi ndinkadzitonthoza kuti ndi mutu wanga, ndipo mutu ndi wanga, ndikhoza kukhala nawo. Koma a Shabir sali m'mutu mwanga.

Lero cha m'ma thu koloko kanyali kofiira kosonyeza kuti madzi atha kanayaka, makina n'kubuula kawiri. Ndinaona kuti ndikapitiriza kudikira, otsalawo adzatha ndi mphepo kapena adzaphikira m'mota yopsa, ine ndikungoyang'ana. Ndiye ndinazula chingwe pakhoma ndi dzanja langa. Sindinadziwe kuti nyumba ino ingakhale chete chonchi. Ndinadikira timibulu totsala tisungunuke, kenako ndinatsegula timapaipi takumbuyo tija n'kutchera kapu yachitsulo, chinthu chokhacho chimene a Chitemwa sanachiwerengere chifukwa ankayesa ndi cha kukhitchini. Madzi onse a miyezi inayi anangofika theka la kapu. Ndi otuwa, ofunda, ndipo akununkha ngati m'chitsime chakale.

Ndaivindikira ndi kambale, ili pano pathebulo pambali pa pepalali. Ndaganiza kuti Lolemba ndiwathire m'kabotolo, ndikwere basi ya kumpoto, ndikawathire pamanda. Sindikudziwa ngati Mkhristu amachita zotere. Ndikupemphani kuti musawauze achimwene a Lexon, mukudziwa kuti iwo nkhani iliyonse amathamangira nayo kwa abusa. Makinawo ndikawatsuka, ngati mota ikadali ndi moyo, ndiwapereka kwa mayi Zubeida. Kuchipatala kuja kuli ena ambiri amene madzi akuwatsamwa. Mukapeza mpata mundigulireko ufa wotsukira makina otere, a Shabir akuti kwanuko umapezeka ndipo umaposa viniga, kuti ndikawapatse zonse pamodzi.

Wotchi ya pabalaza yangogunda kasanu.

Chingwe cha makina ndikuchiona, chili lende pakabati, sichili pakhoma. M'nyumba muno mulibe ayisi ngakhale kambewu kamodzi. Koma kwayamba, achemwali. Sikuli pakhonde lero. Kuli muno, mbali ya kumanzere kwanga, pafupi moti ndikanatambasula dzanja ndikanakhudza. Sindidzutsa mutu. Ndipitiriza kulemba, chifukwa ndikamalemba ndiye kuti ndili ndi inu. Mukukumbuka mmene munkandigwirira dzanja podutsa pamanda a kwa Chikaonda tikuchokera kuchitsime, n'kumandiuza kuti ndiziyang'ana mapazi anga basi? Ndikuyang'ana pepala. Kamodzi. Kapuma. Kawiri. Kapumanso, nthawi yaitali. Kachitatu.

Kwasiya.

Ndayang'ana. Kambale kali pambali, kataikidwa bwinobwino chafufumimba. M'kapu mulibe dontho. Pathebulo ndi pouma, pansi ndi pouma. Dzanja langa lamanja silinasiye cholembera, izo ndikutsimikiza. Lamanzere sindingalilumbirire. Sindikukumbuka kuti ndamwa, ndipo Mulungu akudziwa kuti a Shabir ndinawamva bwino. Madziwo anali ofunda, ndakuuzani kale. Koma milomo yanga yazizira mpaka mano akuwawa.

Ku Rumphi ndilibenso choti ndipititse. Mawa m'mawa ndipita kwa mayi Zubeida akandione m'mimba, ndipo ndikawauza zoona. Kwanu ndibwera mwezi wamawa ngati mukundifunabe. Mundikonzere malo a munthu mmodzi.

Mundiperekere moni kwa alamu a Eddie, muwauze kuti chipewa chimene anawatumizira a Felton chinapita kwa mphwawo wa malemu ndipo akuchivala. Moni kwa Tamando ndi Lonely, muwauze kuti mayi awo aang'ono akubwera ndipo akufuna kugona m'chipinda chaphokoso, pafupi ndi iwo. Pofika apa m'makalata onse amene ndinakulemberanipo ndinkati tonse kuno tikupereka moni. Ndakhala kanthawi cholembera chili m'mwamba, ndikumvetsera ngati alipo wina woti ndimulembere.

Palibe, achemwali. Ndakhala ndikuopa kuti alipo, ndipo tsopano ndikulira chifukwa palibe.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
ndekha,
Mtendere