Nkhafi Pakhutu

Lachinayi. Kwazizira, ndipo mtima wanga sunakhazikike.

Ada, bambo anga, ankasonkhezera moto m'sitima ya nthunzi ali mnyamata. Ndiwo anandiphunzitsa kuviika nkhafi m'madzi n'kugunditsa chogwirira pakhutu, kuti uimve injini sitima isanaonekere.

M'mawa uno ndili m'bwato cha ku Makuzi ndinayesa, pongowaganizira poti akudwala. Ndinamva du, du, du, pang'onopang'ono, osati kulira kwa mainjini apetulowa. Panyanja panalibe sitima, ngakhale utsi.

Sindinauze munthu. Koma kunyumba ndinawapeza Ada atakhala tsonga, atavala nsapato, munthu woti sanayende chiyambire mvula.

"Waimva, eti?" anatero. "Ikafika usandichedwetse."

Atagona ndinawavula nsapatozo n'kuzibisa m'thumba la chinangwa. Tsopano ndakumbukira kuti masiku aunyamata wawo aja ankakwera sitimayo opanda nsapato.