Kanema Munatumiza Uja

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Mitundu tadzuka, ndipo mwendo wa amayi wayamba kupepuka. Koma ine mtima suli m'malo, chifukwa chake ndi inuyo.

Kanema munatumiza pa foni uja, alamu anu anamuonetsa Lamlungu masana mu vidiyo mwawo asanamuonere okha. Munadzaza, ana ndi azimayi omwe. Poyamba anthu ankaseka mbuzi zolankhula zija. Kamtsikana ka mu kanemamo kataona malemu mayi ake akuyenda m'munda wa chimanga, kuseka kunatha. Kenako gule anavula chigoba, nkhope n'kukhala ya bambo ake a mwanayo.

Amalume anadzuka n'kuzula waya. Anakalipa kuti, "Zakudambwe n'zoonetsa akazi ndi ana? Mwatilaula!" Aphunzitsi ena a ku Nathenje anayankha kuti amenewo ndi maloto chabe a mwana wamasiye. Azimayi a kutchalitchi ankati n'zausatana. Kunatsala pang'ono kuti anthu amenyane.

Akuluakulu a kudambwe aitana alamu anu Loweruka. Chonde aimbireni amalume, inu amakumverani poti munalowa gule. Ndipo tsiku lina muziyamba mwaonera mpaka kumapeto musanatumize.

Koma chondidetsa nkhawa kwambiri ndi mwana wanga Tadala. Dzulo anandifunsa kuti, "Amayi, chilombo chinavina pa maliro a agogo chija anali ndani?" Ndinamuuza kuti chinachokera kumanda. Apo n'kuti amalume ali pomwepo. Mwanayo anangoyang'anitsitsa chipsera cha pa phazi lawo, chofanana ndi chimene chinali pa phazi la chilombo chija.

Mulungu akusungeni kumeneko. Ifenso mutipempherere.

Ine mlongo wanu,
Nabanda