Gitala ya a Jere ndi makutu a Tadala

Amayi, kukucha bwanji kumene munatsogolako?

Ife kuno kwa Dzoole tilipo. Chaka chino mvula inabwera mwaulemu, ndipo chimanga cha kumunda wa m'mphepete mwa phiri chatipatsa mpumulo. Fodya ndinamusiya, msana unakana. M'malo mwake ndinabzala soya ndi mtedza. Mlongo wanga Agnesi wabereka mapasa, onse aamuna, ndipo mmodzi watenga mphumi yanu. Mbuzi yanu yamawanga ija inadya pepala la pulasitiki n'kufa, koma inatisiyira ana. Denga la khitchini linasasuka ndi mphepo, tafolera ndi malata. Izi ndi zapakhomo.

Ndikudziwa kuti mukudikira kumva za gitala. Munkandiuza kuti, "Fabiano, nyimbo siilima." Pamene munkatisiya n'kuti ndili ndi imodzi yokha, yofiira ija. Musakwiye, Amayi, koma zinachulukana mpaka kufika zinayi. Zonse ndi za mtundu umodzi: za magetsi, zopyapyala, koma zokhala ndi mphako mbali zonse ziwiri ndi timabowo topindika ngati nyemba zouma. Ndimazikonda chifukwa batire likatha mapemphero ali mkati, chimkuzamawu n'kukhala chete, izi zimalirabe pazokha, moti akwaya akutsogolo amazimva ndipo nyimbo siigwa.

Yatsopano sindinagulepo, ndipo sindingakwanitse. Yakuda ndinaipeza ku Mponela kwa anyamata a bandi ya maukwati amene anakangana n'kugawana zida. Ina inabwera ndi dalaivala wochokera ku Joni, khosi lake lili long'ambika, ndinaimata ndi guluu wa akalipentala n'kuimanga ndi mphira za njinga. Pogula ndimachita monga munkachitira inu pamsika. Paja munkati chogula umayamba wachinunkhiza. Ndimaika mphuno pa bowo kuti ndimve ngati mkati munalowa chinyezi kapena mbewa. Kenako ndimaipenda kuyambira kumutu, diso limodzi lotsinzina, monga tipendera mpini wa khasu. Ogulitsa amandiseka, koma sanandipusitsepo.

Tsopano ndikuuzeni cholemetsa mtima. Mwana wanga Tadala, amene munamufukata ali wakhanda inu mukudwala kale, samva. Anadwala malungo aakulu ali wokwawa, anachira, ife n'kumathokoza. Anzake anayamba kuyankhula, iye ayi. Tinkati ndi ulesi wa lilime. Ku chipatala cha pa Boma anatitumiza ku Lilongwe, ndipo kumeneko anatiuza mosabisa kuti makutu onse awiri anawonongeka. Mayi ake, Nabanda, analira mu minibasi njira yonse, nkhope ataibisa mu chitenje. Mwanayo anali kusewera ndi mabatani a malaya anga.

Alongo anu, malume Kapalamula, anabwera kudzationa. Atakhala pansi anati, "Mphwanga, mwana watseka makutu chifukwa nyumba ino yadzaza phokoso lachilendo. Gulitsa zinthu zakozi, timutengere kwa munthu wina amene ndikumudziwa ku Ntchisi." Mawu awo anandilowa ngati munga. Ndinadzifunsa kuti bambo woimba ali ndi ntchito yanji kwa mwana wosamva. Magitala ndinawakuta ndi nsalu n'kuwapachika kuchipinda, ndipo dzinja lonse kwaya inaimba ndi ng'oma yokha.

Titayamba kukumba mtedza, kondakitala wina amene amadziwa khalidwe langa anandiuza kuti kufupi ndi Malomo kuli mkulu wina, a Jere, amene akugulitsa gitala yamphako. Ndinati zimenezo ndinasiya. Nabanda ndiye anandikankha. Anati, "Bambo a Tadala, mwakhala ngati munthu wapamaliro m'nyumba muno. Pitani mukaione, ndipo mwanayu mumutenge, ine ndili ndi mtedza." Tinakwera njinga yamoto, Tadala ali pakati, fumbi la m'mapiri likutipaka ngati ufa.

A Jere ndi munthu wamtali, wowonda, amene paunyamata wake ankaimba m'mabandi a ku Halale. Amayankhula mokuwa, ndipo ukamawayankha amayang'ana pakamwa pako. Anatulutsa gitala pansi pa bedi. Inali ya mtundu wa uchi, nsambo ziwiri palibe, zotsalazo zadzimbiri, koma khosi lowongoka ndipo mkati munkanunkhira thabwa louma. Anandiuza kuti munthu wina wa ku Lilongwe anaifuna kuti akaikhomere pakhoma la bala yake, iwo n'kumubweza.

Tili mkati mokambirana, beseni lachitsulo linagwa pakhonde. Nkhuku zinabalalika, ine ndinadzidzimuka, koma Tadala anapitiriza kujambula pansi ndi kamtengo. A Jere anaona nkhuku zikuthawa, anayang'ana mwana, n'kundiyang'ana ine.

"Samva?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Ndiye kuti ndife a mtundu umodzi," anatero. "Ineyo makutu anatha kalekale. Koma tayang'anani, achimwene."

Anagoneka chibwano chawo paphewa la gitala n'kuyamba kukhwatcha, maso atatsinzina. Anati khutu limafa koma fupa silifa msanga, ndipo gitala yamphako imanjenjemera thupi lonse, osati ngati zija za thabwa logwirana. Kenako anamukodola Tadala, anamukhazika pamwendo, n'kutsamiritsa tsaya lake pa thabwa. Anakoka nsambo yaikulu ija kamodzi.

Amayi, mwana analumpha. Anasuzumira m'bowo ngati akufuna njuchi imene yalowamo. Ataona kuti mulibe kanthu, anabwezera tsaya lake pamalo pomwepo, anagwira chala cha a Jere n'kuchiika pa nsambo kuti akokenso. Anakokanso. Tadala anaseka, kuseka kwa mawu, kopanda dongosolo, kumene ndinali ndisanakumvepo. Ine ndinazungulira kuseri kwa nyumba ngati ndikufuna kutaya madzi, ndipo ndinakhalako kanthawi ndithu.

Pa mtengo sitinavutane. Chimene anandilamula n'chakuti gitalayo isagone pansi pa bedi ngati mmene inagonera kwa iwo. Pobwerera ndinaibereka kumsana ndi chitenje, Tadala atagwira mutu wa gitalayo njira yonse.

Tsopano dzuwa likapendeka, ndikabwera kumunda, amandikokera pa mpando. Amakhala pamiyendo panga, chifuwa chake chitagunda kumbuyo kwa gitala, ine manja anga atamuzungulira. Amasankha yekha. Yakuda saifuna, amaikankha. Ya a Jere ndiyo yake. Nyimbo ikakhala yofulumira amamenya mwendo pa nthawi yake, osaphonya. Kukwaya ndinabwerera.

Sindikudzinamiza, Amayi. Gitala siidzabweza makutu a mwana wanga. Chimene yachita n'kundidzutsa ine. Ku mishoni kuli asisiteri amene amaphunzitsa kuyankhula ndi manja Loweruka, ndipo tonse atatu timapita. Nabanda amagwira msanga kuposa ine. Zala zanga zinazolowera nsambo, zikamapanga mawu zimachita chibwibwi, mpaka Tadala amandikonza. Tamvanso za sukulu yogonera ya ana osamva, ndipo msinkhu wake ukakwana adzapita, ngakhale mtima wa mayi ake ukukana kale.

Ndinapita ndekha kwa malume kukawayankha. Ndinakhala pansi, ndinaomba m'manja, n'kunena kuti, "Malume, mawu anu ndinawamva. Magitala awiri ndigulitsa ndithu, yakuda ndi ya ku Joni. Koma ndalama zimene ndipeze n'za sukulu ya mwana. Kwa munthu wanu uja sitipita." Anatafuna fodya wawo nthawi yaitali. Pomaliza anati, "Wauma mutu ngati mayi ako." Sindikudziwa ngati kunali kundinyoza kapena kundiyamikira. Ine ndinathokoza n'kutsanzika.

Kugula sindisiya. Ndazindikira kuti m'midzi ya m'mapiri muno muli magitala ambiri ogona, obwera ndi anthu amene anakagwira ntchito kunja, ena akudyedwa ndi chiswe. Ndiziwafunafuna, ndiziwakonza, ena ndizigulitsa kwa makwaya ndi achinyamata, ndipo mwana aziphunzira. Panopa ndamva kale za ina ku Ntchisi Boma, yopanda nsambo ndi imodzi yomwe. Ndikangomaliza kupuntha soya ndipita kukainunkhiza. Pa ichi chokha, Amayi, mundilole ndikutsutseni pang'ono: nyimbo siilima, inde, koma mwina iphunzitsa mdzukulu wanu.

Tadala wayamba kutcha anthu mayina ndi manja. Ine dzina langa ndi kukanda pamimba ngati munthu woimba gitala. Mayi ake ndi kumanga duku. Tsiku lina anaima pa mpando, anayang'anitsitsa chithunzi chanu cha pakhoma, n'kuloza kampata ka pakati pa mano ake akutsogolo, kofanana ndi kanu. Basi, limenelo ndilo dzina lanu m'nyumba muno tsopano, ndipo tonse timakutchulani choncho.

Ndikukulonjezani kuti mwana ameneyu sadzabisidwa kuseri kwa nyumba alendo akabwera. Tikamadzamanga chiliza chanu mwezi wa kutentha, adzaima kutsogolo pamodzi ndi adzukulu anu onse, ndipo adzakuitanani yekha ndi chala chake. Mudzakhale tcheru, chifukwa sipadzamveka mawu.

Pumulani bwino, Amayi. Timakukondani.

Ndine mwana wanu,
Fabiano