Ine Diya, Wina Switihati

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Golomoti ana ali bwino, wodwala ndi mtima wangawu.

Alamu anu aja amanditchula "diya", ine n'kumanyadira. Lachiwiri ndinapeza uthenga pafoni pawo, akutchula mkazi wina wa ku Mtakataka "switihati". Nditafunsa aphunzitsi oyandikana nafe, anati "diya" umalembera ngakhale bwana wa ofesi amene sumudziwa, koma "switihati" ndi wapamtima.

Kani zaka zonsezi ndinali bwana wa ofesi! Chabwino, poti ndine bwana, mkamwiniyu ndamuchotsa ntchito. Mpunga wa ku Bwanje ndinawokera ndekha, ndikololanso ndekha, ndipo sadzalawako ngakhale njere imodzi. Akadye kwa switihati wakeyo.

Mulungu akusungeni, achemwali. Pobwera musandigulire chitenje, mundigulire loko wolimba.

Ine mng'ono wanu,
Esinati